Ku Zambia mtsikana amagwira burette, kuno timamugwiritsa cholembera

Mayeso a MSCE akayandikira, m'ma CDSS ambiri mumabuka chipwirikiti chomwe chija cha chaka ndi chaka. Ahedi ali pafoni kupempha ma burette (magalasi aatali okhala ndi kampopi, oyezera asidi dontho ndi dontho) kusukulu yoyandikana nayo, mphunzitsi wa Chemistry ali pa kabaza atakumbatira katoni ya mabotolo ngati khanda. Tsiku la pulakitikolo mtsikana wa Fomu 4 akulowa m'chipinda, galasi lalitali lija akuliona koyamba chibadwire, dzanja likunjenjemera. Zotsatira zikatuluka timakhala pansi n'kumati atsikana amaopa sayansi. Akuopa chiyani chinthu choti sitinamugwiritsepo?

Dutsani pa Mchinji, muoloke pa Mwami, muone anzathu. Iwo ali ndi JETS, makalabu a sayansi a m'sukulu amene anayamba mu 1968. Mwana amapanga chinthu ndi manja ake, n'kukapikisana nacho pasukulu, paboma, pachigawo mpaka dziko lonse, ndipo amaima yekha pamaso pa oweruza kufotokoza mmene chimagwirira ntchito. Ali ndi National Science Centre ku Lusaka, imene imapanga malabotale oyenda: kabati yamatayala yodzaza zipangizo, yongokankha kulowa nayo m'kalasi wamba. Sukulu siidikira kuti boma lidzamange kaye chinyumba cha labotale. Ndipo pambali pa Hillcrest ndi David Kaunda, sukulu zawo zaluso zakale zija, anatsegula zina za atsikana okhaokha, monga za ku Ndola ndi ku Kapiri Mposhi. Ife atsikana athu timawaitanira mayi wovala chipewa cha mainjiniya, alankhule ola limodzi pansi pa mtengo, ajambulitse, galimoto inyamuke. Mawa lake kalasi ili momwe inalili.

Ndisanamizidwe kuti ndikunyoza kwathu. Pamapepala tili patsogolo ndithu. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka tinaliyamba mu 1993, a Zambia anadza mu 1997. A Tanzania anachita kudikira mpaka 2021, mayi Samia Suluhu Hassan atachotsa chiletso chimene a Magufuli anachikhwimitsa mu 2017. A Mozambique mpaka 2018 ankakankhira atsikana oyembekezera kusukulu yausiku. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limati m'sukulu zaukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Tili ndi koleji ya Domasi ndi ya Nalikule zosula aphunzitsi a sekondale, tili ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo imene imasonkhanitsa atsikana a sekondale patchuthi kuti akhudze sayansi yeniyeni. Koma lamulo la 40 lija lilibe mphamvu ngati mtsikana anasiya Physics pofika Fomu 3. Amene akusankha ophunzira a uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS sangatenge munthu wopanda phunzirolo pasatifiketi, kaya lamulo likuti chiyani.

Vuto lenileni limachitikira patebulo, ndipo mphunzitsi aliyense wa sayansi amalidziwa. Tengani kalasi ya ana 80 ndi ma burette anayi. Mphunzitsi akuti gawanani magulu anayi. Gulu lililonse ndi anthu 20 kuzungulira galasi limodzi. Masekondi asanu okha, mnyamata wamtali watenga burette, mnzake watenga pipette, kagalasi kotungira mlingo weniweni wa mankhwala, ndipo wina akuti "Iwe uli ndi zilembo zabwino, uzilemba." Amene akuuzidwayo ndi mtsikana. Pomaliza atsikana omwewo ndiwo atsuke mabotolo. Mphunzitsi akulemba m'buku kuti pulakitikolo yachitika, ana onse analipo. Analipodi, ngati oonerera mpira.

Chimene sichiphunzirika poonerera ndi ichi: kudonthezera asidi wa mu burette m'botolo la mankhwala a sodium hydroxide mpaka mtundu usinthe, n'kuwerenga kuchuluka kwa asidi amene walowa. Burette ya 50 cm³ iyenera kutsukuluzidwa ndi asidi yemweyo amene muikemo. Mukaitsuka ndi madzi okha, timadontho totsala timasungunula asidi ndipo nambala ya asidi amene walowa imakwera. Mukadzaza, chotsani fanelo pamwamba, apo ayi imadontheza pang'onopang'ono muli mkati mwa ntchito. Tsegulani kampopi kaye kuti mpweya wobisala kunsonga utuluke, chifukwa kathovu kamenako kamawerengedwa ngati asidi pomwe sikanalowe m'botolo. Diso likhale molingana ndi pansi pa kauta kamene madziwo amapanga pamwamba pake, osati kuyang'anira pamwamba. Pipette itunge 25 cm³ ya sodium hydroxide, kadontho kotsala kunsonga musakauzire. Phenolphthalein, mankhwala osandutsa za m'botolomo pinki, madontho awiri kapena atatu basi. Dzanja lamanzere pakampopi, lamanja likuzunguza botolo, pepala loyera pansi kuti muone pamene pinki uja wazimirira. Chakumapeto asidi azigwa dontho limodzilimodzi. Bwerezani mpaka manambala awiri asiyane ndi 0.1 cm³ yokha. Zonsezi ndi za m'zala. Munthu amene wakhala akulemba manambala a anzake zaka zinayi amazidziwa pamtima ngati nyimbo, koma akangogwira kampopi amatsegula kwambiri, pinki n'kuthawa asanaphethire.

Ndipo si nkhani ya ndalama zambiri ayi. Sodium hydroxide wa mphamvu ya 0.1 M ndi magalamu 4 okha mu lita imodzi ya madzi. Lita imeneyo ikwanira ana 40, aliyense 25 cm³ yake yoyesera kamodzi. Ana 80 ndi magalamu 8. Asidi wa hydrochloric wa m'botolo, wamphamvu uja, pafupifupi 8.6 cm³ mu lita imodzi akupatsani 0.1 M, bola muzithira asidi m'madzi, osati madzi mu asidi. Botolo la sodium hydroxide lizitsekedwa msanga, chifukwa amakoka chinyezi ndi mpweya, ndipo manambala amasokonekera ana n'kumadziona ngati mbuli pomwe cholakwa ndi cha m'sitolo. Nthawi nayo iwerengeni: mwana mmodzi mphindi 10, mapiriyodi awiri ophatikiza ndi mphindi 80, ndiye burette imodzi ipereka ana 8, anayi apereka 32. Masiku atatu otere kalasi yonse yagwira. Amene sali pa burette akhale pa matebulo ena, kuyeza kulemera, kulumikiza mabatire awiri a 1.5 V ndi kababu, kuphunzira kuti pa zipangizo zoyezera magetsi, ammeter imalowa mumzere pomwe voltmeter imakhala mopingasa. Dzina lililonse lichongedwe pamndandanda pokhapokha mwini wake wagwira kampopi. Ntchito za m'gulu zizisinthana mphunzitsi akaomba m'manja, ndipo m'teremu yoyamba ya Fomu 1 si tchimo kuika atsikana pagulu laokha kuti pasapezeke wowalanda.

A Zambia nawo si angelo, tisawakweze mopitirira. Atakakamiza phunziro la kompyuta mu Giredi 8 ndi 9, mayeso oyamba a 2015 anali chisokonezo: makompyuta ochepa, magetsi kuzimazima, ana ena kulemba mpaka usiku. Maphunziro aulere a 2022 anadzaza makalasi kuposa mabenchi, ngakhale boma la a Hichilema linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho. Sukulu ya kumudzi ku Lundazi siifanana ndi ya ku Lusaka, monga momwe CDSS ya kumudzi kwathu siifanana ndi Marymount, Stella Maris kapena Likuni Girls. Komatu taonani zimenezo: kumene kuno atsikana ali okha ndipo labotale ilipo, amakhoza Physics mpaka anyamata kuchita manyazi. Umboni tili nawo m'nyumba momwemo, timangoulambalala. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu analakwitsa akuyesa kuika chipangizo m'manja mwa mwana, ife tikulakwitsa tili pamsonkhano ku hotela.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti mtsikana wa kumudziyu Chemistry amayamba naye kumoto. Chidulo chimene amacheza kuchokera ku phulusa pophika therere ndi alkali, gulu limodzi ndi sodium hydroxide uja. Madzi ofiira a chidede ndi indicator yabwinobwino, chinthu chosintha mtundu ngati phenolphthalein uja: mu viniga kapena mandimu amakhala ofiira, mukadonthezera chidulo amasanduka obiriwira. Jakisoni wopanda singano wa 10 ml ali ndi mizere yowerengeka, ndipo angathe kuimira burette mu Fomu 1 ndi 2. Ikani 10 ml ya viniga wosungunula m'kapu yoonekera, onjezani chidede pang'ono, mwana azidontheza chidulo akuwerenga mamililita mpaka mtundu utembenuke. Manambala sadzakhala a MANEB, chifukwa chidulo cha lero sichifanana mphamvu ndi cha mawa, koma dzanja laphunzira kudekha ndipo diso laphunzira kudikira. Mwana wa ku Chipata akanapanga zimenezi akanazilemba pa katoni n'kupita nazo ku JETS. Wa ku Mchinji amauzidwa kuti afulumire, ndiwo zipse.