Wilu ya msodzi ikhale ndi mboni zoyenera

A mtolankhani, m'nkhani imene munalemba mwatamanda loya wina wopuma pantchito pothandiza asodzi a ku Mangochi kulemba mawilu mwaulere, koma simunanene pamene ambiri amalakwitsa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wilu ikhale yolembedwa, mwiniwake asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine iye akuona. Mboni isakhale wolandira nawo chumacho, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake, chifukwa gawo lake likhoza kutayika.

Abale anga a kunyanja, musamangolemba kuti "katundu wanga yense". Tchulani boti, chilimira, malo, injini ndi nambala yake. Injiniyo ndi imene achibale amathamangira kumasula maliro asanathe n'komwe, mayi ndi ana akadali m'siwa.