Kudzichepetsa kwa Papa Francis kunachokera kukhitchini kwa mayi ake

Mpaka pano pali anthu ena amanena kuti Papa Francis ankangodzionetsera, ati zokana nyumba ya apapa ija nkukakhala ku Casa Santa Marta, nyumba ya alendo ya ku Vatican, zinali za makamera basi. Ine izi ndimakana. Munthu ungayambe sewero uli ndi zaka 76 nkumalisewerabe zaka 12 osatopa, mpaka kumanda? Ayi ndithu. Khalidwe limeneli anachoka nalo kwawo ku Flores, dera la anthu wamba mumzinda wa Buenos Aires ku Argentina, komwe anabadwira mu Disembala 1936.

Tangoonani pakhomo pomwe anakulira. Bambo ake a Mario anali obwera, anachoka ku Italy ndi makolo awo mu 1929, ntchito yawo inali yowerengera ndalama. Ana analipo asanu, Jorge, yemwe anadzakhala Papa Francis, ndiye woyamba. Mayi ake a Regina atachira mwana wachisanu miyendo inakana kwa kanthawi ndithu, nde anawo akaweruka kusukulu ankawapeza ali chikhalire akusenda mbatatesi, zophika zonse ataziyala patebulo, iwo nkumangolangiza kuti ichi thira mumphika, icho kazinga, anawo nkumaphika. Ndiye mukamva kuti ali bishopu wamkulu wa mzinda wonse ankadziphikira yekha mkanyumba kake, nkumakwera basi ngati wina aliyense, mukudabwa chani? Munthu anayamba kugwira chikombe ali mwana, komanso ali ndi zaka ngati 13 bambo ake anampezera ganyu yosesa mufakitale ya masokosi.

Koma amene anamuumba kwenikweni, kwa ine, ndi agogo ake a Rosa, mayi a bambo ake. Ankakhala pafupi pomwepo ndipo ali wamng'ono ankaswera kwa iwowo, mapemphero anaphunzira kwa iwo, ngakhale chilankhulo cha kwawo ku Piedmont, dera la ku Italy, anachimvera mnyumba imeneyo. Atanena kuti akufuna unsembe mayi ake sizinawasangalatse mpang'ono pomwe, iwo ankayembekezera dokotala pakhomo, koma agogo ndi amene anamulimbitsa mtima. Patangopita masiku ochepa atasankhidwa mu Malichi 2013, pa Misa ya Kanjedza, khamu lili yavuyavu pabwalo la St Peter, iye sanachite manyazi kutchula mawu a agogo akewo oti nsalu yokulungira maliro ilibe matumba. Papa wathunthu, mabuku onse anawerenga aja, nkumaphunzitsa dziko ndi mawu a gogo! Kalata yomwe a Rosa anasiyira adzukulu awo ankaisunga mbuku lake la mapemphero.

Za mpira ndisaiwale, timu yake inali San Lorenzo kuyambira ali kamnyamata ndipo upapa sunamusinthe.

Anamwalira pa 21 Epulo 2025. Anali ataneneratu kuti akamuike mtchalitchi cha Santa Maria Maggiore, pansi penipeni, popanda zokongoletsa, ndipo pamwala pake analembapo liwu limodzi lokha, Franciscus.