Lekani kudyera ophunzira masuku pamutu m'dzina la kudzipereka

Lachisanu lapitali, dzuwa litalowa kale, mwana wa mlongo wanga amene ndimakhala naye kuno ku Chinamwali anafika pakhomo atanyamula nsapato imodzi m'manja chifukwa inali itamatuka ali m'njira yotsika kuphiri. Mtsikanayu ali m'chaka chachitatu ku yunivesite komwe akuphunzira sayansi ya zamoyo, ndipo patchuthi chino anapeza malo a atachimenti, kuphunzira ntchito poigwira, ku pulojekiti ina yosamalira nkhalango paphiri la Zomba. Anandiuza kuti tsiku limenelo analimba mtima n'kufunsa mkulu woyang'anira ntchitoyo ngati pangapezeke kangachepe ka thiransipoti, koma yankho lake linali lakuti munthu wodzipereka safunsa ndalama, kuti ngati watopa alipo ambiri amene akulirira malo omwewo, ndiponso kuti kalata yochitira umboni idzaperekedwa kwa okhawo amene adzamalize masabata onse asanu ndi limodzi. Mwanayo anangoti, "Amalume, mwina ndingosiya." Chichokereni tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi, ndipo ndaona kuti ndilankhule.

Anthu amene sanakwereko phiri limeneli amaganiza kuti ophunzira odziperekawa amapita kukajambulitsa zithunzi pa mathithi a Williams kapena kukadya mabulosi amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Ntchito yake si imeneyo. Amayeza kukula kwa mitengo ndi tepi mtengo umodziumodzi n'kumalemba m'kope, amawerenga mbande zimene zaphuka ndi zimene zafa, amathira dothi m'machubu kunazale, amatola masamba okaumitsa kuti akadziwike mtundu wake, ndipo nyengo ya moto ikamayandikira amagwira zikwanje ndi makasu n'kumalambula njira zotchinga moto limodzi ndi aganyu. Kusiyana kwake n'kwakuti waganyu amalandira kanthu ntchito ikatha. Tsiku lowerenga mbalame amafunika kukhala ali m'nkhalango kusanache, popeza mbalame zimaimba kwambiri m'bandakucha, ndipo phiri limeneli nsonga yake imapitirira mamita 2,000, moti miyezi ya June ndi July kumakhala chifunga ndi chisanu choti zala zimakanika kugwira cholembera. Munthu amene akugwira ntchito yotereyi amafunika jombo, chovala cha mvula, juzi yochindikala, chakudya cha masana ndi ndalama ya kabaza yopita ndi yobwerera. Zonsezi akuti azidzipezera yekha, chifukwa ndi wodzipereka.

Mfundo yanga ndi imodzi yokha: ntchito yodzipereka yopanda ngakhale thiransipoti ndi chakudya imasankha ana a anthu opeza bwino n'kutaya ana a amphawi. Mwana amene bambo ake ali ndi galimoto amakamutula pa Ku Chawe, pamwamba pa phirili, m'mawa n'kukamutenga madzulo, m'chikwama muli botolo la tiyi ndi buledi wopaka, ndipo akamaliza masabata ake amalandira kalata yonena kuti ndi wakhama komanso wokonda chilengedwe. Mwana amene fizi yake ikudalira ngongole ya ophunzira, amene mayi ake amagulitsa tomato mumsika wa Zomba, amayenda wapansi mpaka nsapato kumatuka, amagwira ntchito tsiku lonse m'mimba muli mbatata ya m'mawa, ndipo akalephera sabata lachitatu amalembedwa kuti analibe chidwi. Kodi chidwi chimadyedwa? Kodi wakabaza amalandira chidwi? Chimene mukuyeza pamenepo, inu oyang'anira mapulojekiti otere, si mtima wa mwana ayi, mukuyeza thumba la makolo ake, kenaka n'kulipatsa dzina lokongola lakuti kudzipereka.

Ndipo nkhanza yake imaonekera bwino pamene ana awiriwa amaliza maphunziro, chifukwa chidziwitso chilichonse cha ntchito chimafuna munthu amene anagwirapo kale ntchito. Amene anali ndi ndalama yokwerera phiri ali ndi kalata yoti aonetse, pamene mnzake amene anakhoza bwino m'kalasi kuposa iye alibe chilichonse. Apa ndiye kuti wosaukayo walangidwa kawiri pa mlandu umodzi wobadwira m'banja losowa. Muzitchule mmene mungafunire, kaya atachimenti, kaya intenishipu, kaya mwayi wophunzira ntchito, koma khomo limene limatseguka pokhapokha munthu akhale ndi ndalama ya kabaza ya masabata asanu ndi limodzi ndi khomo la olemera. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense akudziwa mmene mitengo ya zinthu yakhalira, ndiye musamayerekeze kudabwa mwana akamapempha ya thiransipoti.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti opereka thandizo sanaike ndalama imeneyo mu bajeti. Bajetiyo analemba ndani? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Inu amene mumakonza mapologalamu amenewa, mwana wanu weniweni mungamutumize kukayenda m'nkhalango ya paini ndi nsapato zakusukulu, malo oti kuli njoka, miyala yoterera ndi maphompho, osamupatsa ngakhale nthochi ziwiri?

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti phiri limeneli likufunadi ana amenewa. Nkhalango ya phiri la Zomba inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1913, koma aliyense amene ali ndi maso akuona mmene mapeto ake ayerera lero chifukwa cha makala, macheka ndi moto wa chaka ndi chaka. Madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pomwepo. Mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imatsikira ku nyanja ya Chilwa, nyanja imene tinaiona ikuphwa mu 2012 ndi mu 2018, asodzi a ku Kachulu n'kutsala manja ali m'khosi. M'nkhalango zachilengedwe zimene zatsala pamwambapo muli kambalame kotchedwa yellow-throated apalis, kamene sikapezeka dziko lina lililonse koma Malawi yekha. Ntchito yoteteza zonsezi ikufuna akatswiri, ndipo palibe amene angaigwire bwino kuposa mwana wokulira m'midzi ya m'munsi mwa phirili, amene amadziwa mayina a mitengo asanatsegule buku, amene amadziwa chifukwa chake amalume ake amaotcha makala ndiponso mmene angalankhulire nawo. Mwana ameneyo ndi yemwe mukumubweza pakhomo chifukwa chosowa ndalama ya njinga. Mukutaya anthu enieni amene nkhalangoyi ikanadalira, n'kutsala ndi amene akungofuna kalata yoti akapezere sukulu kunja.

Palibe amene akupempha malipiro a mwezi. Ophunzira akudziwa kuti akupita kukaphunzira, ndipo mwana wa mlongo wangayu amabwera kunyumba akusimba mosangalala za mitengo ya mbawa ndi mkungudza ngati kuti wapeza chuma. Chimene tikunena ndi galimoto imodzi yowatenga m'tauni m'mawa, nsima ndi nyemba masana, ndi jombo zobwereka zoti akabweze pomaliza. Ngati pulojekiti singakwanitse zimenezi kwa ana khumi, itenge ana asanu n'kuwasamalira ngati anthu. Ndipo inu amene mumakonda kunena kuti nanunso munavutika chomwecho nthawi yanu, kuvutika kwanu si chifukwa chozunzira ana a eni, ndipo ambiri mwa inu munaphunzira nthawi imene ophunzira ankadya kukafeteriya katatu patsiku.

Komanso tisanamizane kuti ndalama kulibe. Manambala omwewo amene anawa amatolera akunjenjemera ndi chisanu ndi amene amalowa mu lipoti, lipotilo n'kukaliwerenga ku msonkhano wa masiku atatu ku hotela ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, komwe aliyense amasainira alawansi, ya mafuta a galimoto ndi ya malo ogona, n'kumadya chambo uku akuombera m'manja zithunzi za ana odzipereka. Mukatsegula lipotilo mupeza mayina a mabwana onse ndi maudindo awo, mupeza zizindikiro za mabungwe opereka ndalama zitadzaza chikuto, koma dzina la mtsikana amene anayeza mitengo ija simulipeza ngakhale patsamba lomaliza. Nsapato ija ndakasoketsa dzulo kumsika ndi ndalama yanga.