Mano muli nawo, chakudya mukumweranji?

Sabata yatha ndinapeza mwana wa mchemwali wanga atapindika pamphasa, akubuula ndi m'mimba. Mtsikana wa zaka 28, wopanda matenda alionse. Masiku 6 osapita kuchimbudzi! Titamupanikiza ndi mafunso ndi pomwe anaulula kuti kwa masabata atatu sanatafune kanthu. M'mawa ufa wosungunula m'botolo, masana womwewo, madzulo womwewo, akuti akuchepetsa thupi. Amene anamugulitsa pa Facebook anamunamiza kuti kusapita kuchimbudzi kukusonyeza kuti thupi likugwiritsa ntchito zonse. Zoona ana inu, mpaka kukhulupirira zimenezo?

Zakudya zamadzizi madokotala amapatsa wodwala amene akulephera kumeza, kapena amene matumbo ake akufunika kupuma, ndipo amamuyang'anira. Nanga inu mukudwala chiyani?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya fayiba (gawo la chakudya losagayika lomwe limathandiza chimbudzi kuyenda) yosachepera magalamu 25 patsiku, yochokera m'masamba, zipatso, nyemba ndi mbewu zosapuntha. Ambiri mwa mabotolo anuwo ali nayo yochepa kwambiri. Ndiye matumbo akankhe chiyani? Tizilombo tabwino ta m'matumbo aakulu, tomwe timadalira fayiba yomweyo, tidye chiyani? Chimbudzi chimachepa, chimauma, munthu n'kumakhala nthawi yaitali akudzikakamiza mpaka magazi. Ena zimawatembenukira kwina: zotsekemeretsa monga sorbitol, kapena shuga wa mumkaka amene anthu ambiri akuluakulu sagaya bwino, zimakokera madzi m'matumbo. Mimba tupi, mpweya osatha, kuthamangira kuchimbudzi kasanu patsiku, eni ake n'kumanyadira kuti thupi likutsuka. Likutsuka chiyani? Ndipo amene wadzimbidwa, m'malo mobwerera ku chakudya, akukagula mankhwala otsegula m'mimba n'kumamwa usiku uliwonse.

Za ndulu ndiye simuziganizira n'komwe. Munthu akamaonda mothamanga chonchi, osadya mafuta okwanira, ndulu imaleka kufinyika bwino ndipo mumapangika miyala. Ululu wake akufotokozereni amene anachitidwa opaleshoni. Ku America mu 1977 anthu anafa, mtima utasokonekera, atakhala miyezi akungomwa mapuloteni amadzi kuti aonde. Ambiri anali azimayi.

Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti mwanayu atangopeza bwino anafunsa ngati angayambirenso Lolemba. Botololo ndinamulanda. Enanu mukuchita zomwezi mobisa m'nyumbamo, takusiyani, kakhaleni pansi mutafune.