Lekani kulalikira pa ndalama

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi m'tauni kupita ku Limbe. Kondakitala anandipatsa chenji, K500 yofewa ngati sanza, yomatidwa selotepi pakati. Pamphumi penipeni pa Mbusa John Chilembwe munthu wina analembapo ndi bolopeni yofiira kuti Yesu akubwera, n'kuwonjezerapo vesi ndi nambala ya foni. Nditafika mumsika, mayi wa tomato anaitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera. "Agogo, iyi ayi, andikanira kooda." Sindinakwiye naye. Wondikwiyitsa ndi mlaliki wa bolopeniyo.

Ana anga, mwayamba chizolowezi chonyansa. Wina akakudzudzulani mumathamangira kunena kuti ngakhale dola ya ku America ili ndi dzina la Mulungu. Zoonadi, mawu akuti "In God We Trust" anayamba kuoneka pa ndalama zawo zachitsulo mu 1864, pa zamapepala mu 1957. Koma anaikapo ndi boma lawo potsata lamulo. Sanalembepo munthu ali chikhalire pa depoti ya Wenela kudikira basi.

Enanso mumatumizirana mauthenga pa WhatsApp kuti malamulo aakulu a dziko lino amati Malawi ndi dziko lachikhristu. Munawawerenga liti? Zimenezo ndi za anzathu a ku Zambia. Frederick Chiluba analengeza zimenezo mu 1991, ndipo mu 1996 zinalowa m'mawu oyamba a malamulo awo. Athuwa, a mu 1994, mawu awo oyamba satchula Mulungu kapena mpingo uliwonse. Amakamba za kupatulika kwa moyo wa munthu ndi chikumbumtima cha aliyense, ndipo gawo 33 limapatsa munthu aliyense ufulu wopembedza mmene akufunira. Musaganize kuti anaiwala. Ife amene tinalipo tikukumbuka mmene a Mboni za Yehova analetsedwera mu 1967, nyumba zawo kuotchedwa, iwo kuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia. Dziko linali litangotuluka m'zimenezo.

Ndipo sikuti Mulungu tinamutaya. Nyimbo ya fuko lathu imayamba ndi dzina lake. Pulezidenti akamalumbira amapempha kuti Mulungu amuthandize. Pamenepo m'pamalo pake. Koma kwacha, chiyambire mu 1971, ndi ya tonse. Yomweyo m'mawa ili m'mbale ya chopereka kutchalitchi cha CCAP ku HHI, masana ili m'manja mwa Msilamu wogulitsa nsomba, madzulo ili m'kabati ya mmwenye wa sitolo, usiku yagula kachasu ku Ndirande. Vesi lanulo mwalituma ulendo umenewo, ndiye mukuti mwalilemekeza?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha Loweruka. Pitani pa ukwati uliwonse ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa nthawi ya perekaniperekani. Amene amafuula kuti dzina la Mulungu lilembedwe pa kwacha ndi omwewo mudzawapeze akumwaza ndalama m'mwamba, beseni lili poteropo koma osaliona. Ndalama zigwera pansi, gule ali mkati, nsapato zosongoka zija zikuboola nkhope ya Chilembwe, ya Rose Chibambo, ya James Sangala. Kenaka atsikana otolera azikokera pamodzi ndi phazi ngati zinyalala, zina zitanyowa ndi fanta. Tayerekezani kuti pamapepalapo panalidi dzina la Mulungu. Mukanaleka kuvina? Ine ndikukayika. Chilembwe anali mbusa, anayambitsa mpingo wa PIM ku Mbombwe, ku Chiradzulu konkuno, anafera dziko lino mu 1915. Pa 15 Januwale timapuma pantchito pomukumbukira, Loweruka lotsatira n'kukamuponda.

Banki ya Reserve yakhala ikudandaula za khalidweli kwa zaka zambiri. Ndalamazi amakasindikiza kunja, polipira ndi ndalama zakunja zomwe tikuzisowa pogula mafuta ndi mankhwala. Iliyonse imene mwailemba kapena kuing'amba, ina iyenera kusindikizidwa m'malo mwake.

Ngati mzimu wakutumani kulalikira, gulani kope, ng'ambani pepala, lembani vesi lanu mugawire anthu. Pa ukwati werama, ika m'beseni. Azibusa ndi mashehe, uzaniko anthu anu. K500 ija ikadali m'thumba la jekete langa, makondakitala awiri aikana kale, ndipo mawa ndiyenera kukaima pamzere ku banki chifukwa cha ulaliki wa munthu amene sindikumudziwa.