Chenjezo kwa eni malole a makala a ku Dzalanyama

Sabata yatha kusanache bwino ndinaona lole ikulowa mumzinda wa Lilongwe kuchokera cha ku Malingunde itasenza matumba a makala mpaka kupendekeka, ataiphimba ndi lona ngati kuti tonsefe ndife akhungu. Inadutsa popanda woiimitsa, pomwe pambali pa msewu mnyamata wonyamula matumba atatu panjinga anali atagwada, akuchonderera kuti asamulande njinga yakeyo. Kodi manyazi anatha liti m'dziko muno?

Ndikulankhula ndi inu eni malole, inu amene simunagwirepo nkhwangwa kapena kugona usiku pafupi ndi uvuni wofuka utsi, koma mumagula thumba kwa wosauka pamtengo wachipongwe n'kudzaligulitsa m'tauni pamtengo woboola m'thumba. Kodi madzi amene mumasamba m'nyumba zanu za mipanda mukuganiza kuti amachokera kuti? Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo ndi womwewo umene umadzaza madamu a Kamuzu. Mukamaliza mombo, muwanga ndi misuku yonse, mudzamwa chiyani, ndalama?

Boma linachita kutumiza asilikali m'nkhalangoyi mu 2015, lamulo la za nkhalango analikhwimitsanso, koma inu mwangosintha nthawi yoyendera basi. Amayi a m'midzi yozungulira, amene ankapeza bowa nthawi ya dzinja, masuku, uchi ndi mankhwala a ana awo, lero akubwerako ndi madengu opanda kanthu, chifukwa pamene panali mthunzi pangotsala zitsa ndi dothi lopserera. Alonda a nkhalango akuopsezedwa ndi zikwanje, anthu a mudzi umodzi akudana chifukwa wina waulula mnzake, inu muli phee kuwerenga phindu. Nanga njuchi zikhala pati, mbalame zimanga zisa pati?

Musandiuze za kuzima kwa magetsi, pakuti tonse timaphikira pa mbaula ndipo vutolo tikulidziwa. Koma sindinaonepo mwini lole atabzala ngakhale mtengo umodzi pamene anadulitsa chikwi. Mwaiwala kale matope amene anatsetsereka paphiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy? Phiri lopanda mitengo silisunga madzi, ndipo mudzaliza mzinda wonse wa Lilongwe ndi ludzu, ana anu omwe ali momwemo. Inunso amene mumalandira kangachepe kuti mutseke maso lole ikamadutsa, dziwani kuti anthu akukuonani.

Lekani dyera limeneli, akuluakulu inu, mwatichititsa manyazi mokwanira.