Makolo a ku Mangochi, lekani kugula ana ndi ndalama

Ndalankhula kokwanira m'makonde, lero ndilembe kuti amve ndi a ku Makanjira ndi ku Namwera omwe. Ana anga, mukuononga ana anu ndi manja anu.

Dzulo pamsika ndinaona mwana wosakwana zaka zinayi akugubuduka m'fumbi, ati akufuna fulizesi. Mayi ake anakana kawiri, kachitatu n'kumasula nsonga ya chitenje, K200 m'manja mwa mwana. Pompo mwana zii! Mayi inu, mukuyesa mwathana nalo vuto? Mwamuphunzitsa kuti akafuna kanthu azilira mpaka chitenje chimasuke. Mawa adzagubuduka koposa apo, ndipo mudzamumenya chifukwa cha khalidwe limene mwamuphunzitsa nokha.

Mphatso imabwera mwana akachita chabwino, ndipo sichita kufuna ndalama. Ine ndikulera zidzukulu ziwiri, makolo awo ali ku Joni monga ambiri kuno. Pawindo tili ndi kachitini. Mwana akasukusula yekha m'mawa kapena kutsuka mbale yake, amaponyamo kamwala. Timiyala tikakwana tisanu amasankha yekha: dzira lowiritsa, nthano ziwiri madzulo m'malo mwa imodzi, kapena kundiperekeza kudoko kukagula usipa. Ndimatchulanso chimene wachitacho kuti amve: "Wasamba osakuthamangitsa, wachita bwino." Kamwala kakalowa sikatulukanso, ngakhale alakwe masana. Cholakwacho timakambirana pachokha.

Ndipo mukalonjeza, chitani. Inu abambo oimba pa WhatsApp kuti "ukasiya kulira ndikutumizira njinga", chaka n'kutha njinga osaoneka, mwana amasunga zimenezo mumtima. Tsiku lina mudzalankhula zoona, iye osakumverani. Enanu mumaopseza ana ndi jakisoni. Nanga akadwala malungo, mukalowa naye bwanji kuchipatala?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi usiku. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti mwana wa zaka zitatu kapena zinayi azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo kuonera foni kapena kanema kusapitirire ola limodzi. Koma yendani pa malo ochitira malonda nthawi ya 10 koloko usiku: tiana tili kuvidiyo, tina tagona pabenchi, udzudzu ukudya. M'mawa kumkombaphala mwana akuodzera, sachedwa kupsa mtima, akumenya anzake, inu n'kumati ndi wamwano. Ndi tulo timeneto! Masana palibe akudziwa kumene ali, mpaka abwere atanyowa kuchokera kunyanja kapena ku Shire. Likodzo mukulidziwa, za ng'ona sindichita kukuuzani.

Mwana amakhazikika akamadziwa chimene chikubwera. Dzuwa likapendeka asambe, adye nsima, apemphere, amve nthano, alowe m'neti, ndondomeko yomweyo tsiku ndi tsiku, mpaka thupi lizolowere lokha. Nthawi ya madrasa kapena ya kutchalitchi aziidziwanso. Mukadikira kuti akwane zaka zisanu ndi chimodzi akayambe Sitandade 1, ndiye kuti mwasenzetsa aphunzitsi katundu wanu, m'kalasi modzaza kale.

Inunso azakhali, amalume ndi agogo anzanga, ndikukuonani. Mayi ake akakana, musamuitanire mwana kuseri kwa nyumba n'kumupatsira mobisa.